Mawu Anga Anatsala ku Joni

Ndisanapite ku Joni ndinali munthu wodya za pakamwa. Ku Canongola akadalipo akuluakulu ena amene angakumbukire kanyumba ka a Zakariya, kamabango, kofolera ndi malata akale, kamene tinkaonetseramo mafilime. Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Kwathu kwenikweni ndi ku Angónia, koma bambo anga anafera ku msasa wa othawa nkhondo, ndipo amayi anakana kubwerera kukalima okha pamabwinja. Tinatsikira muno mu Tete, m'dziko la Anyungwe, kumene dzuwa limawotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu.

A Zakariya anali ndi televizau imodzi, makina a makaseti, ndi jeradori yopangira magetsi imene inkazima ikafuna. Makasetiwo ankagula kwa oyendetsa magalimoto akuluakulu ochokera ku Zimbabwe. Anthu a m'mafilimewo ankalankhula Chingerezi, ena Chitchaina, ena Chimwenye, ndipo m'kanyumbamo munalibe ndi mmodzi yemwe womva. Tsiku lina ndinayamba kunong'oneza mnzanga zimene mwamuna wina wovala chipewa ankauza mkazi wake. Ndinkangopeka. Mayi wina wa kutsogolo anacheuka nati, "Iwe, kweza mawu, nafenso timve." Mawa lake a Zakariya anandiikira kampando pambali pa televizau, ndipo imeneyo inakhala ntchito yanga.

Zilankhulo zawozo sindinkazidziwa. Ndinkawerenga nkhope. Munthu akamanama amaoneka, kaya ndi Mmwenye kaya ndi mzungu. Mkazi akati "pita" pamene mtima wake ukuti "khala", mapewa ake amaulula. Ine ndinkangowabwereka Chinyanja, pena n'kuthira ka Chinyungwe kuti eni dziko aseke.

Selina ndinamudziwira pakhomo pa kanyumba komweko, akugulitsa mtedza wokazinga. Tinakwatirana, n'kubadwa mwana wathu Rozita. Rozita akukwawa, jeradori ya a Zakariya inaferatu, eni ake n'kubwerera kwawo ku Tsangano. Ndinatsala ndi pakamwa popanda choonetsa. Anzanga ankapita ku Joni n'kubwera ndi mawailesi ndi njinga, ndiye ndinati nanenso ndipite, ndikagule makina anga, ndidzamange kanyumba kanga.

Selina anandiperekeza pokwerera galimoto, mwana ali kumbuyo.

"Bambo a Rozita," anatero, "mukapeza makinawo mubwere. Musakadikire kuti mupeze zonse."

Ndinamulonjeza kuti mvula ikadzagwa kachiwiri idzandipeza kunyumba.

Za ulendo sindinena zambiri. Ndinalibe mapepala, ndiye ndinawoloka monga amawolokera opanda mapepala: osamwa madzi, osadya, minga ili m'mapazi. Ntchito ndinaipeza pa malo ena kunja kwa mzinda pamene ankadula miyala. Tinkasema ziliza za pamanda ndi miyala yosalala yoika m'makhitchini a anthu olemera. Makina akayamba kulira, m'shedi imene tinkadulira miyalayo munkachita mbuu ndi fumbi, mnzako wapafupi osamuona. Tinkamanga nsanza pamphuno. Poweruka tonse tinali oyera ngati tagudubuzika mu ufa, ndipo malovu ankatuluka ngati phala.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Jailosi, Mmalawi wa ku Dedza, wamkulu kwa ine, wamfupi, wa dazi, wokonda mkangano kuposa chakudya. Atamva kuti ndine wa ku Angónia anati, "Ndiye ndiwe mphwanga. Msewu wokha ndi umene unatilekanitsa." Ananditengera ku komboni kumene ankagona, chinyumba chachitali chimene kale munkagona anthu a mumgodi. M'chipinda chathu tinalimo ambiri: Amalawi, Azambia, ife a ku Mozambique. Mabedi anali osanjikizana, zovala zili lendelende pa zingwe, fungo la nsapato ndi palafini. Lamulungu linkatalika kwambiri, chifukwa opanda mapepala sitinkayenda chisawawa. Anthu ankangogona chagada, kuyang'ana malata, kapena kumwa mpaka kumenyana.

Tsiku lina kuntchito anatituma kukaika mwala m'nyumba ya mzungu wina wokalamba amene mkazi wake anali atamwalira. Ana ake ankasesa m'nyumba, ndipo pachipata anali ataunjika makatoni a makaseti pamodzi ndi makina ake. Nthawi imeneyo kunali kutabwera timbale tonyezimira ta mafilime tija, ndipo aliyense ankataya makaseti ngati zinyalala. A Jailosi anavula chipewa n'kupempha. Anatiuza kuti titenge zonse, tawathandiza. Televizau tinasonkherana n'kugula yakale kwa Msomali wina wa sitolo.

Makaseti a nkhalambayo anali a mafilime akalekale, ambiri opanda mitundu, oyera ndi akuda basi. Tsiku loyamba anthu anakwiya.

"Achimwene, mwatisenzetsa maliro awa," anatero Mzambia wina. "Zibakera zili kuti? Mfuti zili kuti?"

Ena anayamba kutuluka. Ndipo ine, ndisanaganize n'komwe, ndinakoka chidebe, n'kukhala pambali pa televizau, n'kuyamba kulankhula. Amene anali pakhomo anabwerera.

Kuyambira pamenepo Lamulungu masana tinkatseka mawindo ndi mabulangete. Ankabwera ngakhale a zipinda zina, ena osamva n'komwe Chinyanja, anzawo n'kumawapatsira. Kumwa kunachepa. Munthu amene ankamenya anzake sabata iliyonse ndi amene ankatonthoza aphokoso.

M'menemo ndi m'mene ndinakondera mafilime akale, ndipo mpaka lero palibe angandisinthe maganizo. Anthu akale ankadziwa kudikira. Mkazi ankatha kuima pawindo nthawi yaitali, osanena kanthu, iwe n'kuona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono mpaka udziwe wekha kuti amene akumudikirayo sabwera. Mwamuna ankangovula chipewa n'kuchizunguza m'manja, chipinda chonse n'kudziwa kuti wabwera ndi uthenga woipa. Za masiku ano zimathamanga ngati zikuthawa ngongole. Galimoto yaphulika, nyumba yagwa, anthu afa ngati nyerere, koma ukatuluka sukumbukira nkhope ndi imodzi yomwe.

A Jailosi ankanditsutsa dala.

"Mphwanga, iwe umakonda zimenezi chifukwa anthu ake ndi aulesi polankhula, ndiye umapeza mpata wolongolola wekha. Ine ndipatse Mtchaina wouluka. Ameneyo safuna womasulira."

Komabe tsiku limene tinaonera filime ina ya Chimwenye, ya mayi wokalamba amene ana ake anabalalika, ndinawaona a Jailosi akupukuta m'maso ndi chipewa. Nditawaseka anati ndi fumbi la kuntchito. Ndiwonso anazindikira kuti kaseti imaulula mtima wa mwini wake. Pa kaseti ina panali malo amene mtsikana ankatsika masitepe akuseka, ndipo pamalo pomwepo chithunzi chinkanjenjemera, mizere ili yendeyende, pomwe kwina konse kunali bwinobwino.

"Waona?" anatero. "Nkhalamba ija inkabweza pomwepa. Inkabweza, n'kubweza, mpaka panatha. Ameneyu ankafanana ndi mkazi wake."

Kambale konyezimira sikangakuuze zimenezo. Kakakandika kamangoima, basi.

Tsiku lina, anthu a m'filime akuvina mu holo yaikulu, a Jailosi anati, "Onsewa anafa kalekale. Koma taonani akuvinabe. Ife tikadzafa ndani adzatibweze kuti ationenso?" Palibe anaseka.

Mvula inagwa kachiwiri, kachitatu, ine osabwerera. Sindinakwatire kumeneko monga ena ankachitira. Poyamba ndinkatumiza zimene ndikanatha kudzera kwa oyendetsa magalimoto: mabulangete, mapoto, nsapato za Rozita zimene zinkafika mwana atazikula kale. Ndikati ndisunge za makina, kunyumba kunkagwa matenda. Amayi anga anamwalira, ine ndinamva ataikidwa kale. Ndikaganiza zopita, ndinkaopa kuti sindidzathanso kuwoloka, ntchito n'kupatsidwa wina. Komanso ndinkachita manyazi kufika mu Tete chimanjamanja. Matelefone atabwera ndinkalankhula ndi Selina. Poyamba ankafunsa kuti ndibwera liti. Kenako ankangondiuza za mitengo ya zinthu pamsika. Akapereka telefone kwa Rozita, mwanayo ankangoti, "Ndili bwino," basi, ine n'kumamva kupuma kwake mpaka mayunitsi atha.

Chifuwa chinayamba ndi a Jailosi. Ankatsokomola mpaka kugwira khoma. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, anamwa onse, osasintha. Kenako adotolo anawauza kuti mapapo awo adzaza fumbi la miyala, ndipo fumbi limenelo silituluka. Kapitawo wathu atamva anangowauza kuti apume kaye kunyumba, mawa lake pamakina awo panali munthu wina. Ife tinkawagawira chakudya. Nthawi imeneyo inenso mawu anali atayamba kusasa. Ndikamasulira filime yaitali, chakumapeto ndinkamwa madzi pafupipafupi, ndipo akumbuyo ankati, "Kwezani, achimwene, sitikumva."

Kenako anafika masiku amene eni dziko ankathamangitsa alendo. Anabwera m'mawa, gulu, ndi zibonga ndi zikwanje, akuimba. Tinathawira ku tchalitchi china, a Jailosi titawanyamula pachitseko. Titabwerera tinapeza chipinda chili mbee. Anatenga mabulangete, mapoto, televizau, makina aja, ngakhale zingwe zoyanikira zovala. Makaseti okha anawasiya, ali mbwee pansi, ena atawaponda. Ngakhale akuba sanawaone ngati kanthu.

Anzathu ambiri anabwerera kwawo. A Jailosi sakanatha ulendo. Tinatsala ochepa m'chipinda chachikulu chija, ndipo Lamulungu lina masana anandiitana.

"Mphwanga, tandionetsa ija ya mtsikana wa pa masitepe."

"Achimwene, tionera pa chiyani?"

"Kodi kale ndinkaonera televizau? Ndinkamvera iwe. Yamba."

Ndinakhala pa bedi lawo n'kuyamba kuyambira pachiyambi, sitima ikufika, mtsikana akutsika ndi kasutikesi. Iwo anatsinzina. Mawu anga ankadukaduka, ndikatsokomola iwonso n'kutsokomola, tinkadikirana, kenako n'kupitiriza. Ndikalumpha malo ankatukula chala. "Wasiya galu," anatero. "Panali galu pa siteshoni." Ndinabwerera n'kumuikamo galuyo. Sitinafike kumapeto, anagona. Anamwalira sabata yomweyo.

Kutumiza thupi ku Dedza kunatikanika. Tinawaika komweko, kumanda a anthu osauka, kumene mitumbira imangodziwika ndi manambala. Munthu amene anasema ziliza za anthu osawadziwa mpaka mapapo kuuma anagona popanda mwala pamutu pake. Ndinapempha kapitawo kachidutswa kotsala, anandiuza kuti zidutswa nazo zili ndi mtengo.

Ndinagwirabe ntchito mpaka nanenso anandiuza kuti ndipume kaye kunyumba. Pamenepo mawu anali atatheratu. Adotolo anati pakhosi pawonongeka, ndipo m'mapapo muli zomwe zija. Chimene chinatsala ndi kunong'ona kumene ndili nako lero, koti munthu amve ayenera kubweretsa khutu pafupi ndi pakamwa panga, ndipo si ambiri amafuna kuyandikira munthu wotsokomola. Ndinalongedza zovala zochepa ndi makaseti amene anapulumuka, m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, n'kukwera basi.

Tete ndinamupeza wina. Magalimoto a malasha, nyumba zosanja, anthu olankhula zinenero zimene sindinazimvepo muno. Ku Canongola, pamene panali kanyumba ka a Zakariya, panali sitolo yogulitsa simenti. Anthu anandilozera ku Mpadue, kumene Selina anamanga nyumba ya njerwa ndi ndalama za malonda ake a mbatata ndi tomato wochokera ku Angónia, ndiponso anali ndi dimba kufupi ndi Zambezi.

Ndinamupeza akusankha tomato pakhonde. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anali atanenepa, imvi zili m'mbali mwa duku.

"Mwabwera, bambo a Rozita."

Ndinayankha, koma sanamve. Ndinabwereza. Anaika dzanja pakamwa, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpando ndi madzi. Sanandikalipire, sanalire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anandikonzera kachipinda kakunja kamene ankasungiramo matumba, anandipatsa mbale yanga ndi kapu yanga chifukwa cha chifuwa. Sanakwatiwenso, koma malo anga m'nyumbamo anali atatsekeka kalekale, monga limatsekekera bala.

Rozita anali atakwatiwa ku Chingodzi, tsidya la mtsinje, ali ndi mwana wakhanda. Anabwera kudzandiona ndi mwamuna wake Armando, Mnyungwe waulemu, amene anagwada n'kuti, "Muli tani, papa?" Rozita anandipatsa moni ngati wopatsa mlendo wa mayi ake, n'kukhala patali, maso ali pa mwana. Nkhope yake inali ya amayi anga. Ndinali ndi zambiri zomuuza, koma pakhonde pankadutsa njinga zamoto, ndipo chilichonse ndikanena ankati, "Mwati bwanji?" mpaka ndinaleka.

Ntchito ya Armando inandidabwitsa. Ali ndi kabenchi pamsika pamene amaikira anthu mafilime m'matelefone. Anandionetsa imodzi. Inali ya Chitchaina, koma mawu ake Chichewa, cha anyamata a ku Malawi amene amajambula mawu awo pamwamba pa filime. Ntchito yanga yomwe ija. Koma ankakuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kutukwana, kutchula mayina a anzawo, osasiya mpata woti nkhope ilankhule. Ndipo aliyense amaonera yekha, ataweramira m'dzanja lake, timawaya tili m'makutu. Anthu okhala pa benchi imodzi, wina akuseka, wina akuyasamula.

Armando ataona makaseti anga anasangalala ngati waona zinthu za makolo.

"Papa, amayi anandiuza kuti munali katswiri. Ndikudziwa wokonza mawailesi amene ali ndi makina amenewa. Tidzaitane anthu, mudzationetse."

Ndikanakana. Koma ndinaganiza kuti mwina Rozita akandiona pa kampando, pambali pa televizau, adzadziwa kuti bambo ake anali ndani. Sabata yonse ndinkamwa madzi otentha a mandimu ndi uchi, osalankhula ndi munthu, kusunga kamawu kanga.

Linali Lamulungu masana, kunyumba kwawo ku Chingodzi. Armando anatseka mawindo ndi makapulana, nsalu za mkazi wake. Anabwera oyandikana nawo ndi ana awo, m'nyumba munadzaza, thukuta lili kamukamu. Selina naye anabwera, anakhala pafupi ndi chitseko. Kaseti yoyamba inakana, ulusi wake unali utamatana ndi kutentha kwa m'kachipinda kanga ka malata. Yachiwiri makina anaitafuna. Ina inavomera. Inali ya mwamuna wina woyendetsa ngolo, yoyera ndi yakuda.

"Televizau yafa," anatero mwana wina. "Ilibe mitundu."

Ndinatsegula pakamwa. Zonse ndinkazidziwa, liwu lililonse limene ndinkamupatsa woyendetsa ngoloyo ku komboni linali m'mutu mwanga. Koma chimene chinatuluka ndi mpweya. Akutsogolo anasendera pafupi, akumbuyo anayamba kulankhula zawo. Armando, pofuna kundithandiza, anathamanga n'kubweretsa chokuzira mawu cha pa benchi yake, n'kundiikira pakamwa. Chinakuza zimene zinalipo: kulira kwa m'chifuwa, kuwefuka, kenako chifuwa chenicheni, chimene chinagwedeza nyumba yonse. Ana anaseka. Amayi awo anawakoka n'kutuluka nawo, nsalu zili pamphuno. Amuna anatsanzika mmodzimmodzi, mwaulemu, aliyense ndi chifukwa chake.

Filime inkapitirirabe. Armando anatuluka kukaperekeza alendo, Selina anapita kukanditungira madzi. Tinatsala awiri, ine ndi Rozita, mwana ali pabere. Anayang'ana televizau nthawi yaitali. Woyendetsa ngolo anali ataima pakhomo la nyumba ina, osagogoda.

"Papa," anatero, osandiyang'ana. Kanali koyamba kunditchula choncho. "Ndili mwana amayi ankandiuza kuti simukubwera chifukwa mukuvutika, mukutigwirira ntchito. Anzanga akamanditonza kuti ndilibe bambo, ndinkawauza zomwezo. Tsiku la ukwati wanga ndinkayang'ana kumsewu." Anasintha mwana bere. "Ndiye zimene munabwera nazo ndi zimenezi? Nthawi yonse ija munkaonera zimenezi?"

Sananene mokwiya. Ankafunadi kudziwa. Ndinafuna kumuuza za fumbi, za a Jailosi, za amuna aja ogona chagada kuyang'ana malata. Ndinasendera pafupi kuti andimve, iye anabweza mwana kumbali, kumutchinga ndi nsalu. Ndinabwerera pampando wanga. Anadikira pang'ono, kenako ananyamuka n'kukachotsa makapulana m'mawindo chifukwa mwana ankamva kutentha. Dzuwa litalowa, pa televizau sipankaonekanso kanthu.

Ine ndi Selina tinawoloka mlatho kubwerera ku Mpadue. Patapita masiku anabwera pakhomo la kachipinda kanga, anaima panja monga amachitira.

"Bambo a Rozita, makaseti aja mukuwafunabe? Mbalame zandithera mapira kudimba. Ulusi wake umanyezimira, akuti zimaopa."

Ndinawatulutsa ndekha. Ndinakhala pansi pa mtengo n'kuwaswa ndi mwala, imodziimodzi, n'kusolola ulusi, Selina akukulunga pa kamtengo. Tinaumanga pa zikhomo kuzungulira dimba lonse. Tsopano ntchito yanga ndi kukhala kumeneko kulondera. Popeza sindingakuwe, Selina anandipatsa chitini ndi kandodo.

Rozita sanabwerenso ku Mpadue chichitikireni zija. Amatumiza moni kudzera kwa amayi ake, nthawi zina ndi kabotolo ka uchi. Mbalame nazo zinaopa masiku oyamba okha. Pano zimatera pa ulusi womwewo, n'kumadya zikundiyang'ana.